Mzere wa Fodya Pakati pa Msewu

Mpaka lero apongozi anga aamuna akamayandikira pakhomo pathu ndi ngolo amaimitsa kaye ng'ombe, n'kutsika, n'kumayang'ana pansi ngati munthu wotaya singano. Ine ndikawaona ndimalowa m'nyumba kukafuna chinthu chomwe sichinasowe.

Chinali chaka china cha makuponi a feteleza, Tadala wanga atangoyamba kuyenda. Inu amene munalerapo mukudziwa kuti mwana akangozindikira ntchito ya miyendo sapita kwina koma kumsewu. Msewu wathu ndi wafumbi, umachokera kumsika wa Mtunthama kulowera kumidzi, ndipo nyengo ya feteleza mumadutsa aliyense: akabaza, njinga zamoto, ngolo, timalole tokalamba topanda mabuleki. Ine ndine munthu wamantha (mwana akatsokomola kamodzi, ine ndayamba kale kulongedza matewera opita nawo kuchipatala). Tsiku lina njinga yamoto inadutsa Tadala ataima m'mphepete, mphepo yake n'kumukhazika pansi. Iye anaseka. Ine ndinalira mpaka ndiwo kupserera.

M'mawa mwake ndinamubereka, ulendo ku ofesi yoona za misewu. Bambo amene ndinawapeza anandilandira bwino ndithu, ine n'kuwapempha kuti atiikire hampu pamsewu yoti odutsa azichepetsa liwiro. Anati hampu siiikidwa chiikeike: anthu okhala mumsewumo agwirizane kaye, akatswiri adzaone malowo, ikhale yotambalala osati yosongoka, pakhale chikwangwani chochenjeza, komanso isatseke ngalande ya madzi.

"Ndiye zonsezi zingathe liti, bambo?"

"Mayi, zinthu zimayenda ndi ndondomeko."

Ndinathokoza mwaulemu, koma mumtima ndikuti ndondomeko ikamadzatha Tadala adzakhala atalemba mayeso a Sitandade 8.

Sabata imeneyo abambo a Tadala kunalibe. Anapita kudepoti kukathandiza bambo awo kudikira feteleza, paja anthu ankagonera komweko kuponi ili m'thumba la malaya. Panalibe wondiletsa. Ndinatenga khasu.

Satifiketi yanga ya kukoleji ndi ya kutaipa ndi kusunga mafayilo, za misewu mulibemo ngakhale tsamba limodzi. Koma ndinakulira m'munda wa fodya, ndipo manja anga akagwira khasu amadziwa chinthu chimodzi chokha. Chomwe chinatuluka pamsewupo si hampu ayi. Unali mzere wa fodya weniweni, wofika m'maondo, wosongoka bwino, woti alangizi akanaima n'kuitana alimi kuti adzaonere. Ndinauthira madzi, n'kuupondaponda, n'kusomekamo zidutswa za njerwa kuti ulimbe.

A Nabanda, oyandikana nawo nyumba, anatuluka atagwira m'chiuno.

"Amake Tadala, mzere tauona. Nanga mbande muwokera liti?"

"Sekani, koma mudzandithokoza."

Wakabaza woyamba anafika, anaima, anauyang'ana mzerewo, kenako anangokhota n'kudutsa pabwalo panga (mpanda tinalibe). Wachiwiri anatsata mapazi a mnzake. Pofika masana panali patatuluka kanjira kosalala pakati pa khonde ndi mtengo wa mango, ndendende pomwe Tadala amasewerera. Wanjinga yamoto wina anachita kundiimikira dzanja akudutsa pafupi ndi thandala la mbale: "Zikomo kuno, mayi!" Msewu womwe ndinkauthawa ndinali nditauitanira pakhomo.

Apa munthu wanzeru akanatenga khasu n'kusalaza. Ine ndinakoka zipika ndi nthambi zaminga n'kutchinga mbali zonse ziwiri, kuti aliyense azikwera hampu yanga, afune asafune. Anthu anayamba kutsika n'kumanyamula njinga, akung'ung'udza. Ndinakhala pakhonde mwana ali kumsana, ndikumva kukoma ngati wapolisi wa pamsewu.

Dzuwa litapendeka ndinamva mabelu a ng'ombe. Ngolo inkatsetsereka kuchokera kumsika, ng'ombe zikuthamangira kwawo, ndipo ndinazindikira chipewa cha apongozi ngolo itafika kale. Abambo a Tadala anali atakhala pamwamba pa matumba ngati mkwati. Ndinafuna kukuwa, koma mtengwa amakuwa bwanji kwa apongozi? Ndikufunafuna mawu aulemu, ng'ombe zinalumpha, mateyala anagunda, ngolo inadumpha. Amuna anga anatera m'minga zanga zomwe. Thumba la feteleza wobereketsa linagwera pa chidutswa cha njerwa n'kung'ambika pamimba, msewu wonse mbee! Nkhuku za a Nabanda zinathamangira zikuyesa mpunga, ine n'kumazipirikitsa, Tadala akuwomba m'manja kumsanako.

Apongozi anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana thumba lomwe anagonera nalo panja, thumba lomwe chimanga cha banja lonse chinkadalira. Kenako anafunsa mwana wawo, yemwe ankazula minga m'buluku.

"Iwe, walima msewu wa boma ndani?"

Amuna anga anangotembenukira khasu lomwe linatsamira khoma, dothi likadali lonyowa. Ndinagwada pomwepo.

"Ndine, bambo. Ndimaopera mwanayu."

Anamuyang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali. Tadala anawalozera ng'ombe n'kunena kuti "moo".

"Chabwino. Tengani malichero."

Tinawola feteleza uja ndi manja, n'kumasefa ndi kupeta ngati mapira, a Nabanda akuthandiza uku akupukuta misozi ya phwete. Wambiri tinapulumutsa, kungoti thumbalo linalemera kuposa mmene linachokera kudepoti. Apongozi analinyamula n'kunena kuti, "Mchengawu nawo ndi wa boma, tiutenge ngati sabuside." Mzere ndinausalaza ndekha, akabaza ataima kundilangiza posiya ndi poyambira.

M'mawa mwake ngolo inabweranso, ulendo uno itasenza udzu ndi mitengo yotsala pomanga chigafa. Bambo ndi mwana wawo anamanga mpanda kuzungulira bwalo, n'kuikapo kachitseko ka nsungwi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuphika osasuzumira panja. Chimanga chaka chimenecho chinabereka ndithu, ndipo pomwe panatayikira feteleza panamera bonongwe wonenepa yemwe msewu wonse unathyola.

Kungoti Tadala waphunzira tsopano kutsegula kachitseko kaja. Ndayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti tigwirizane za hampu yeniyeni, monga anandiuzira ku ofesi kuja. A Nabanda avomera, bola ine ndisadzagwire nawo ntchitoyo. Khasu abambo a Tadala analibisa. Akuganiza kuti sindidziwa kuti lili padenga la bafa.