Mbewa Zopanda Chingwe

"Bamake Tiya, ni zoona kuti munapeleka ndiyo ku kompyuta?"

Anandifunsa choncho Bana Mwansa, aneba anga achiBemba, tili pamzere wa madzi kuno ku Mtendere. Ndinangoyang'ana chigubu changa ngati chili ndi nkhani. Koma poti komboni yonse inamva kale, bola muimve kwa mwini wake.

Kusukulu kwa mwana wanga Tiyamike, amene ali giredi folo, kunabwera anthu ofufuza za maphunziro. Ankafuna kudziwa ngati ana amagwira msanga masamu akamaphunzira pa kompyuta. Makompyuta anali ochepa, ndiye anati asankha ana owerengeka oti aziphunzira masana. Tiya anaikapo mtima wonse, chonsecho kompyuta anali asanaikhudzepo. Ankangoisuzumira pawindo la ofesi ya ahedi.

Lolemba anabwera ndi pepala la mafunso loti makolo tiyankhe. Linali la m'Chinyanja, ndipo ndinakondwa. (Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, mapepala achizungu amadikira abambo ake aweruke kuntchito.) Ndinati ili lokha ndilemba ndekha.

Muli ndi foni? Inde. Magetsi? Inde, eni ake akafuna. Kenako funso lachisanu: "Kodi muli ndi mbewa kunyumba?"

Ndinayamba ndaima kaye. Apongozi anga anali atangotitumizira mbewa zouma pa basi kuchokera ku Katete, akapuku onona bwino. Ndinaganiza kuti ofufuzawo akufuna kudziwa ngati ana akudya zopatsa mphamvu, monga amafunsira kukiliniki. Ndinalemba kuti, "Inde, zambiri."

Funso lotsatira: "Ya chingwe kapena yopanda chingwe?" Apa ndinawatama kuti ndi anthu odziwa zinthu. Pali mbewa zogwidwa pamsampha, pali zokumba. Apongozi amakumba. Ndinalemba kuti, "Zopanda chingwe."

Pansi pake panali mawu akuti ana obwera ndi mbewa yawo Lachinayi ndiwo adzayambe kuganiziridwa, chifukwa za pasukulu zambiri zinafa. (Ndinadabwa pang'ono kuti ankazisungiranji zamoyo, koma za ophunzira sitifunsa.)

Tiya anawerenga mayankho anga nakwinya nkhope.

"Mami, mwasimikiza? Ba Ticha banakamba ati mausi."

"Iwe, mausi ni mbewa pa chizungu. Na giredi folo yako ufuna kuniphunzisa ine?"

Anandibwezera pepala mwaulemu, monga ndinamulerera.

Lachinayi ndinasankha zisanu ndi ziwiri zazikulu, ndinawaza kamchere ndi tsabola, n'kuziika m'kontena yanga ya buluu. Tebulo langa la tomato ndinalisiya lovundikira, ndinavala chitenge cha kutchalitchi, n'kumuperekeza mwana.

M'kalasi makolo tinakhala kumbuyo. Aphunzitsi, Ba Mulenga, anayamba kuitana maina, ndipo mwana aliyense ankaika patebulo kanthu kakuda, kamsana kozungulira, kamchira kataliatali. Nditaona kachitatu, ndinazindikira kuti mausi a kompyuta ndi amenewa. Ndinafuna kumukodola Tiya, koma dzina lake linali litaitanidwa kale.

Anatsegula kontena. Fungo linafika mpaka kukhomo. Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka, ndi makolo omwe. Ba Mulenga anagwira m'chiuno.

"Imwe ba kum'mawa! Manje mwayamba kudyesa na makompyuta?"

Zoseka ine sizinandipweteke, chimbuya, kunyozana mwanthabwala kwa aBemba ndi ife a kum'mawa, tinachizolowera. Chinandipweteka ndi Tiya, ataima kutsogolo, misozi ili mbwembwembwe, maso ali pa makompyuta aja. Ndinadzuka.

"Ba Ticha, mwana ananiuza ati mausi, ine ndine ninakana. Ngati ni kuchosa munthu, chosani ine. Dzina yake musafute."

Mmodzi wa ofufuza aja, mtsikana wamandala, anatenga pepala langa n'kuwerenga mayankho onse. Atafika pa "zopanda chingwe" anaphimba nkhope ndi pepalalo, mapewa akugwedezeka.

"Amayi, khalani pansi. Pepala iyi ninamasulira ndine. Ninafuna Chinyanja chozama, onani manje." Anasuzumira m'kontena. "Ni za kuti?"

"Ku Katete."

"Kapuku?"

"Eye."

Anatseka chivundikiro mwaulemu n'kulowetsa kontena m'chikwama chake. "Izi tikaziona bwino ku ofesi."

Dzina la Tiya linalembedwa. Anati azigwiritsa ntchito mausi imodzi ndi Mwansa, mwana wa aneba anga aja, ndipo ndi mmene nkhani inafikira pampopi ine ndisanafike. Masiku ano Tiya amandiuza kuti amalamula kamphaka ka pa kompyuta kuti kayende masitepe khumi, katembenuke, kalire. Ine ndimangovomera. Mwana akati mausi, ndimati mausi.

Ndiye Bana Mwansa ndinawayankha kuti, "Ni zoona, mbuya. Muyamike chabe kuti pepala siinafunse za kolwe, anyani amene mumadya kwanu, sembe munapeleka ndimwe." Anaseka mpaka chigubu chawo chinasefukira.

Zimene zinapita ndi izi: mbewa zisanu ndi ziwiri, kontena ya buluu ndi chivundikiro chake, tomato wa tsiku limodzi amene anapsa ndi dzuwa, masiku awiri amene Tiya sanandilankhule, ndi dzina langa. Pampopi tsopano ndine Bamake Mausi.