Inki ya a Fryson

Ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow, kunalibe Mmalawi amene sankadziwa kuti a Fryson ankachita mantha m'malo mwa dziko lonse la America. Kumeneko anali asanapondeko, pasipoti yawo inkangodziwa Lilongwe ndi Glasgow. Koma wailesi ikangotchula chisankho cha ku America, munthu wamkulu ankasiya tiyi n'kugwira pachifuwa. Wotenthetsanso tiyiyo anali akazi awo, mayi Matilda.

Lamlungu akaweruka kutchalitchi, a Fryson ankaitanira azibambo kunyumba kuti akaunike zinthu. Ankayala mapu a America patebulo, kutsindira ngodya ndi shuga ndi mchere, n'kuyamba kulira maliro a demokalase chigawo ndi chigawo. A Goodwill, mnzawo woyendetsa basi, anawafunsa tsiku lina ngati amavotako n'komwe kuno ku Glasgow. A Fryson anati amavota chitseko chikangotsegulidwa, koma sakhulupirira, chifukwa amatuluka chala chili choyera. Alendo akapita, makapu khumi ndi zinyenyeswa za pa Texas zinkadikira mayi Matilda.

Chalacho ndicho chinkawasowetsa mtendere. Kwa iwo voti yopanda inki pachala inali mphekesera chabe. Dziko lofika kumwezi lingalephere bwanji kabotolo ka inki?

Anthu ankaseka. Mayi Matilda sankaseka kwenikweni, chifukwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisunge, namwino wokhala ku Ohio, ku America komweko, ankadzipereka kuthandiza pamalo ovotera. Chaka china chachisankho anthu osawadziwa anayamba kumuimbira foni, kumutchulira mtundu wa galimoto yake ndi sukulu ya ana ake. Tisunge anati mwina angosiya.

"Asiye basi," anatero mayi Matilda.

"Mayi a Tisunge, akasiya iyeyo, mawa asiyanso wina. Nanga bokosi alonda ndani?"

"Mukalonde ndinu. Mapu muli nawo."

M'mawa mwake a Fryson anakagula botolo la inki yabuluu n'kulembera mwana wawo kalata ya masamba asanu ndi limodzi. Amene anakulunga botololo m'masokosi, kukafola kupositi, n'kulumbira kwa kalaliki kuti si mankhwala, mwamudziwa kale.

A Fryson anatisiya mu Okutobala, kutatsala masabata atatu kuti kuvotedwe. Madokotala anati ndi mtima. A Goodwill, akupukuta misozi pamaliro, anati madokotalawo sanaone mapu.

Tsiku lachisankho mayi Matilda anakhala kukhitchini foni ili m'manja, akupemphera kuti mwana wawo asatuluke m'nyumba. Masana kunabwera chithunzi. Tisunge anali pakhomo la holo yovotera, wapolisi ataima chakumbuyo kwake, iye atakweza chala chabuluu mpaka pamfundo, ngakhale kumeneko palibe amene amadinda munthu inki. Pansi pake analemba kuti, "Ndikuopa, amayi. Koma ndafika."

Mayi Matilda anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Sanadziwe ngati amukalipire mwanayo kapena bambo ake.

Masiku ano Lamlungu m'nyumbamo muli zii. Azibambo akaweruka amangolunjika kokwerera basi, ndipo kapu yotsuka ndi imodzi. Mapu aja akadali patebulo. Mayi Matilda amati sanapeze powaika. Wailesi ikatchula Ohio amaimitsa chilichonse, dzanja pachifuwa, mpaka nkhani zithe. Tiyi amazizira pambali pawo. Womutenthetsanso palibe.