Za Mpando Umene Unaimirira Limodzi ndi Nduna

Kwa Olemekezeka Nduna Yoona za Kukula kwa Chuma,
Kudzera kwa aliyense amene amakutsegulirani makalata.

Olemekezeka Bwana,

PEMPHO LOTI SOWO YANGA IBWERERE KWA MWINI WAKE

Ndi ulemu wonse, chipewa chili m'manja, ine kalipentala wa kuseri kwa msika ndagwira cholembera kuti ndikupezeni. Sukulu ndinalekera panjira, choncho pamene pakhota mundiwongolere. Ndine amene ndinakhoma mpando umene munakhalapo tsiku lotsegulira banki yatsopano, ndiponso ndine amene ndinakutulutsanimo ndi sowo. Sowoyo anyamata okutetezani anandilanda, ati ndi umboni, ndipo ina ndilibe.

1. Ndiyambe ndi kuthokoza mawu anu a tsiku lija. Munati padziko lonse anthu akunenepa chifukwa chuma chikukula, ndipo ifenso sitinatsalire m'mbuyo. Ine ndinawomba m'manja kuposa onse, pakuti n'zoona. Pamene ndinkaphunzira ntchito kwa malume, mpando tinkayeza ndi mkono umodzi basi, munthu n'kukhalapo, pambali n'kutsala malo oika chipewa. Lero ndimayeza mkono ndi chikhatho, komabe kasitomala amati ukumufinya. Chitukuko chimenechi ine ndachigwira ndi manja angawa.

2. Tsopano ndifotokoze mmene cholakwa chinalowera. Atandipatsa ntchito ya mpando wanu, sindinafune kungoyerekeza ndi maso munthu wamkulu ngati inu. Ndinapita kwa mnansi wanga, telala amene ankakusokerani mathalauza musanasankhidwe, muja munkayenda pansi n'kumatipatsa moni ndi manja awiri. Iye miyezo salemba. Kasitomala aliyense ali ndi chingwe chake chomanga mfundo, chopachika pamsomali. Anatsitsa chanu, n'kuchikuntha fumbi, nati, "Achimwene, tengani, koma muwonjezereko zala zinayi. Munthu akayamba kutseguliridwa chitseko cha galimoto, m'chiuno simubwerera." Ine ndinawonjeza zisanu, chachisanucho cha ulemu. Bwana, tonse awiri sitinadziwe kuti chuma cha dziko chakula chotere.

3. Tsikulo kulowa mumpandomo munalowa bwino, ngakhale thabwa linalira pang'ono. Koma itayamba nyimbo ya fuko, inu munaimirira, mpando nawonso unaimirira. Anthu ena osaleredwa anaseka. Ine sindinaseke. Ndinanyadira, chifukwa guluu wanga sanasiye, ndipo mwendo ngakhale umodzi sunagwedezeke. Akuluakulu a banki anakukokani kutsogolo, anyamata anu anakoka miyendo ya mpando kumbuyo, oimba malipenga anabwereza nyimbo kuti apereke mpata, koma mpando unati toto. Apo m'pamene anandiitana. Ndinacheka chotsamira mkono chakumanja mofatsa, osakhudza jekete, uku ndikupepesa pa kukoka kulikonse. Inu mutangomasuka, ine ndinagwidwa. Wamkulu wa anyamata anu anati ndinapanga msampha. Bwana, msampha sapaka vanishi katatu.

4. Kuti lipoti lanu likhale lokwanira, ndikudziwitseni kuti chitukuko chafikanso kwathu, kungoti chinalowera khomo lakumbuyo. Mayi a kunyumba amagulitsa zokazinga ndi zakumwa zotsekemera pasiteji ya basi, ndipo zikatsala ndizo chakudya chawo, popeza zamasamba ndi zipatso zakwera ngati nazonso zasankhidwa. Anenepa mpaka bedi ndinalikulitsa ndi matabwa awiri. Nditawauza mosangalala kuti a Nduna ati chimenechi n'chuma, anandiyang'ana kuchokera kumutu kufika kuphazi, nati, "Bambo a ana, ngati mimba iyi n'chuma, inyamuleni mukaisungitse kubanki yatsopanoyo, mukatapeko ndalama yogulira sowo." Anamwino akuti ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda omwewo amene tamva kuti akuluakulu mumakaonetsa kunja pa ndege. Pabanja pathu tanyadira kwambiri kudwala mofanana ndi inu.

Ine ndekha chitukuko chandilambalala. Lamba wanga ndamuboolanso bowo lina, la mkati. Sindikudandaula, mwina nthawi yanga ikubwera.

5. Chichokereni sowo, ntchito yaima. Matabwa a zitseko za sukulu ya mkaka angosanjikizana pakhonde, ndipo mwini sukulu wati mwezi ukatha azipereka kwa kalipentala wina, uja amabisa ming'alu ndi utoto. Ntchito imeneyo ikachoka, mankhwala a mayi a kunyumba achokera limodzi. Ndinapita kuofesi yanu kukapempha, mlonda anati bwana ali kumsonkhano wa nkhomaliro. Nditabwereranso, anati msonkhanowo ukupitirira. Ana a pamsika akunditcha Achekanduna, ndipo makasitomala onenepa akamadutsa pa shopu yanga amafulumiza miyendo, chinthu chimene anamwino akhala akuwapempha kwa zaka osatheka.

Choncho, Olemekezeka, ndagwada pansi. Lamulani kuti sowo yanga ibwerere mwezi usanathe. Ili ndi chigwiriro chomanga ndi waya, siingasokonezeke ndi katundu wa boma. Ikabwerera, ntchito yoyamba idzakhala yanu, yaulere: benchi yopanda zotsamira mikono, yonga imene odwala timadikirirapo kuchipatala. Ife timakwanapo asanu ndi mmodzi. Ndikungopempha kuti a ku ofesi yanu andidziwitse msanga mmene chuma chidzakulire chaka chamawa, kuti ndione ngati ndiwonjezerepo thabwa lina.

Ndatha ine wanu wowonda koma wokhulupirika,

Kalipentala wa kuseri kwa msika