Mafirizesi m'Jekete la Mkamwini

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa chaka chathunthu. Koma poti anzanga a mu sitafurumu ayamba kuikamba mowonjezera mchere, ndi bwino ndiikambe ndekha, mwini manyazi.

Ine ndine Zuze, mphunzitsi wa masamu, kwathu ku Nsanje. Atanditumiza kudzagwira ntchito ku Chitipa, ndinabwera ndi zinthu ziwiri zonyadira: satifiketi yanga ndi dzuwa la kwathu. Munthu wa ku Nsanje kulikonse kumene wapita amayenda nako kutentha kwa kwawo ngati mendulo. Wina akangoti lero kwatentha, ine ndinkaseka mpaka kugwira tebulo.

"Uku mukuti kutentha? Kwathu nyengo ngati iyi timavala juzi."

Ndinanena mawu amenewa kwa zaka ziwiri, ndipo palibe amene ananditsutsa, chifukwa ku Chitipa nthawi zambiri kumawomba mphepo yokuchotsa chipewa kumutu.

Ndiye kunabwera Novembala wa chaka chatha. Mvula inachedwa, dzuwa linakwiya, mphepo ija inasanduka mpweya wa mu uvuni. Mtsinje wa Lufita unatsala mchenga ndi timadziwe tobiriwira, amayi akufukula mchengawo kufuna madzi. Nkhuku zinkangokhala kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. M'kalasi mwanga ana ankayamba kuwodzera ndisanamalize n'komwe kulemba deti pa bolodi. Pa wayilesi ankalengeza m'mawa ndi masana kuti tizimwa madzi ambiri, tizikhala pamthunzi, tisavale zakuda.

Kunena zoona, nanenso ndinkapsa. Ndikafika kunyumba ndinkatseka chitseko, kunyowetsa thawulo n'kudzifunditsa kumutu. Koma ndikatuluka panja ndinali Zuze wa ku Nsanje, wosadziwa thukuta.

Mwezi womwewo ndi umene ndinayenera kukaonekera kwa makolo a Tumpale, mtsikana wa ku Lufita amene ndinali nditamufunsira. Tumpale anandiuziratu poyera kuti bambo ake, a Silungwe, akangoti ayi, iye sadzawadumpha. Ndipo a Silungwewo anali atakana kale mnyamata wina, ati ankalankhula zambiri. Ine ndinkamufuna Tumpale ndi mtima wonse, ndipo tsiku limeneli ndinkaliopa kuposa mayeso alionse amene ndinalembapo.

Thenga wanga, ndiye kuti wondilankhulira kwa apongozi, anali a Kaonga, mphunzitsi mnzanga wachikulire wa konkuno. Anandipatsa malamulo atatu.

"Kuno mkamwini sapita kwa apongozi ngati akupita ku mpira. Suti ndi tayi. Chachiwiri, jekete savula pamaso pawo, ngakhale kugwe moto. Chachitatu, wolankhula ndine. Iwe ako ndi yewo basi, zikomo wa kuno."

Suti ndinali nayo imodzi, ya pa giraduweshoni. Yakuda bii, yokhuthala, ya wesikoti m'kati.

Loweruka lake, cha m'ma wani koloko masana, tinaima pa msika wa pa Boma kudikira njinga zamoto. Ndinali ndisanayende n'komwe, koma thukuta linali litafika kale m'masokosi. Ndinadziwa kuti ndikafika chonchi kwa a Silungwe ndikakomoka pamaso pawo. A Kaonga atapita kukakambirana ndi a kabaza, maso anga anagwera pa mayi wina wogulitsa mafirizesi, aja a m'timapulasitiki tomanga mfundo, ouma gwa ngati miyala.

Apa nzeru za masamu zinandibwerera. Ndinawerengera kuti nkhani ya apongozi siingapitirire ola limodzi, ndipo mafirizesi anayi angathe kundisunga ola limenelo. Otsala anali ofiira okhaokha. Ndinagula anayi, n'kuzungulira kuseri kwa golosale. Awiri ndinaika m'matumba a m'kati mwa jekete, awiri ndinalowetsa pansi pa wesikoti, cha m'nthiti. Ndinatuluka kuseriko ndikuyenda ngati nduna. Pa njinga ndinkamva kukoma, ndipo ndinadziyamikira kuti sukulu sindinapitire pachabe.

Titafika ku Lufita tinapeza atatikonzera bwino. Mipando inali pansi pa mtengo waukulu wa mango, pamthunzi pokoma, kamphepo kakudutsa pang'ono. A Silungwe anali atakhala pomwepo ndi malaya opepuka a manja aafupi. Atangoona suti yanga anadzuka mwakachetechete, kulowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete lawo laubweya. Pambali pa mphasa panali mlongo wawo, a Nasilungwe, amene pabanjapo amawatchula kuti ankhazi. Pa nkhani za ukwati mayi ameneyu mawu ake ndi olemera.

Tinapatsana moni monga a Kaonga anandiphunzitsira. Kenako ankhazi anandiyang'ana mwachifundo, n'kunditchula akweni, ndiye kuti mkamwini.

"Pepani chomene akweni, mwabwera ndi dzuwa loipa. Chaka chino tapsa tonse."

Apa pankafunika yewo basi. A Kaonga anali atatsegula kale pakamwa kuti ayankhe. Koma lilime limene lazolowera zaka ziwiri silipempha chilolezo.

"Ayi amama, musadandaule. Ine ndine wa ku Nsanje. Kwa ine kuno kukuzizira ndithu."

Nthawi yomweyo firizesi wa kumanzere anatsetsereka n'kundigunda penipeni pa nthiti. Thupi lonse linachita tsemwe, mapewa anagwedezeka, mano anagundana.

"Taonani adumbu," ankhazi anauza mchimwene wawo, "akunjenjemera nadi. Ife tawakhazika pa mphepo mlendo."

"Ayi, pano pali bwino," anatero a Kaonga mofulumira.

"Pali bwino kwa imwe a kuno. Mwana wa eni wachokera kutali. Tiyeni m'nyumba."

Mipando inanyamulidwa. Nyumba ya a Silungwe ndi yamalata, yopanda siling'i, ndipo malatawo ankalira thethethe ndi dzuwa. Kulowa m'menemo kunali ngati kulowetsa mutu mu mphika. Ankhazi anatseka mawindo onse awiri, n'kukankhira chitseko. A Silungwe anakhala moyang'anana nane, jekete lili pathupi. A Kaonga anandiponda chala ndi chidendene cha nsapato.

Chitseko chisanatsekedwe ndinaona mtsuko wa chindongwa, thobwa la kuno, utakutidwa ndi chiguduli chonyowa kuti lizizire. Anali atatikonzera ife. Ankhazi anaimitsa amene ankaubweretsa.

"Chozizira yayi. Akweni akumva mphepo. Tumpale, wika tiyi, uthiremo tangawizi wambiri."

Tumpale analowa ndi thireyi, n'kugwada patsogolo panga monga mwa mwambo, maso pansi. Pondipatsa kapu ananong'ona osagwedeza milomo.

"Mwapenga?"

"Zonse zili m'manja," ndinanong'ona.

Ndinamwa tiyi wowira wa tangawizi, masana a Novembala, m'nyumba yotseka, nditavala suti ya zidutswa zitatu. A Kaonga nawo anamwa, chifukwa thenga sangakane chimene mkamwini walandira. A Silungwe nawo anamwa, chifukwa mwini nyumba sasiya alendo kumwa okha. Amuna atatu tinkangomva kapu ikugunda sosala.

Masamu anga aja sanawerengere za tiyi ndi malata. Pasanathe mphindi makumi awiri, miyala yanga ija inali itasanduka timatumba ta madzi ofunda, tikugwedera m'nthiti ndikapuma. Thukuta linayamba kutsika pachipumi, kudutsa pamphuno, kudonthera mu kapu.

Ankhazi anandiyang'anitsitsa.

"Poyamba kunjenjemera, tsopano thukuta. Awa ndi malungo awa."

"Ayi amama, ndili bwinobwino."

"Wa malungo aliyense amatero."

Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi bulangeti lija la ku Tunduma, lolemera ngati thumba la chimanga, lojambulidwa kambuku. Anandifunditsa okha ndi manja awo, n'kulipinda bwino pakhosi. Apa ndikanatha kuulula. Ndinaganizadi zoulula. Koma ndinayang'ana nkhope ya a Silungwe, ndinakumbukira mnyamata anakanidwa uja, ndipo ndinasankha kufa ndi ulemu wanga.

"Yewo amama," ndinatero. Yewo uja anatuluka pa nthawi yolakwika.

"Tumpale," ankhazi anaitana, "koleza mbaula ubwere nayo."

A Kaonga ataona kuti tifera momwemo, anayamba nkhani msangamsanga. Analankhula Chitumbuka chothamanga, akupukuta khosi ndi mpango: kuti mnyamatayu ndi mphunzitsi, ndi wopemphera, samwa, waona duwa pakhomo pano. A Silungwe anamvetsera mpaka pamapeto, dontho la thukuta likulendewera pachibwano pawo. Kenako analankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti nane ndimve.

"A Kaonga, ine chuma cha munthu sindifunsa. Mwana wanga akapita ku Nsanje, ine sindidzamuona chaka chonse. Ndidzangomva zimene mwamuna wake akundiuza. Ndiye funso langa ndi limodzi. Munthu uyu amanena zoona?"

"Adada, uyu bodza salidziwa n'komwe," anatero a Kaonga. Ananditembenukira n'kundinong'oneza: "Gwada, uwombe m'manja."

Ndinatsika pampando ndi bulangeti langa. Ndinagwada, ndinawerama kwambiri kuti ulemu uoneke, zigongono zinapanikiza nthiti.

Phwa. Kenako kumanja, phwa.

Ndinamva madzi ofunda akutsika pamimba. Bulangeti linatseguka, ndipo malaya anga oyera anali ofiira psuu kuyambira pachifuwa mpaka pa lamba, zofiirazo zikudonthera pa simenti.

"Ndopa!" anakuwa ankhazi. "Magazi, mayo ine! Mwana wa eni watifera m'nyumba!"

Tumpale anaponya mbaula pakhomo n'kuthamangira m'kati. A Kaonga anandigwira mutu akufunsa ngati ndinagwa pa njinga iwo osaona. Ankhazi sanadikire yankho. Anandigwetsa chagada, ndipo jekete lija losavulidwa pamaso pa apongozi analivula apongozi eni ake. Anang'amba mabatani a wesikoti kufuna bala.

Pansi panagwa timapulasitiki tiwiri tophulika. Kenako mafirizesi ena awiri athunthu anagubuduka kuchoka m'jekete, n'kukaima pafupi ndi nsapato ya a Silungwe.

Ankhazi anayang'ana zala zawo zofiira, anazinunkhiza, kenako ananyambita chimodzi.

"Shuga," anatero.

A Silungwe anadzuka. Anavula jekete lawo, ndipo malaya a m'kati anali onyowa ngati awachotsa mu beseni. Analipachika pa mpando, anatsegula chitseko, n'kupita kukakhala pansi pa mango osandiyang'ana n'komwe.

"Watiphera nkhani," anatero a Kaonga. "Zaka zonsezi ndakhala thenga, sindinabwererepo chimanjamanja."

Tumpale anali ataima pakona, manja kukamwa. Ndinkayesa akuseka, koma nditayang'anitsitsa ndinaona misozi. Apa manyazi anandichoka, m'malo mwake munalowa mantha enieni. Ndinaona kuti mtsikanayu ndamutaya chifukwa cha dzuwa la ku Nsanje, limene silinandipatsepo kanthu chibadwire.

Ndinaphwanya lamulo lachitatu kachiwiri. Ndinatuluka ndekha wopanda thenga, malaya ofiira, ntchentche zikunditsatira, n'kukagwada pafumbi patsogolo pa a Silungwe.

"Adada, ndinanama. Ndikumva kutentha. Ndakhala ndikumva kutentha kuyambira Okutobala. Ndinaopa kukomoka pamaso panu, ndiye ndinachita zimene mwaonazi. Ndakuzunzani m'nyumba mwanu momwe. Pepani."

A Silungwe anaitanitsa mtsuko wa chindongwa uja, anatunga chikho chodzaza, anamwa mpaka pansi, anatunganso china. Anthu onse anali atatuluka, ataima chapatali. Atamaliza chachiwiri anapukuta pakamwa n'kuitana a Kaonga, poti mkuluyu mwambo sauphwanya ngakhale zitavuta chotani.

"A Kaonga, munati munthu wanu bodza salidziwa."

"Adada, ine ndinalakwitsa."

"Yayi, munanena zoona. Salidziwa nadi." Anandiloza ndi chikho. "Amuna ena amanama zaka makumi awiri, mkazi osadziwa kanthu. Uyu lake silikwana ola limodzi, limatulukira lokha pa malaya, lofiira, aliyense n'kuliona. Mwana wanga sadzavutika kumufufuza. Mutengeni."

Ankhazi anayamba nthungululu, koma inathera m'chiseko, mpaka anakhala pansi. Tumpale anathawira kukhitchini. Ine ndinatsala chogwada, ndikuthamangitsa ntchentche pachifuwa, ndikunena yewo mobwerezabwereza, ulendo uno pamalo pake.

Choncho inu amene simunakaonekere, mukafuna kunamiza apongozi, musasankhe bodza losungunuka.