Mmene ndinasalira kudya ku Liverpool mosafuna

Anthu akamatchula Liverpool ine ndimangoyang'ana pansi. Anzanga amakumbukira zombo ndi nyumba zakale za kudoko. Ine ndimakumbukira mvula ndi njala.

Munali mu 2005, nditangotha miyezi iwiri ku Mangalande. Ndinkakhala ku Coventry kwa Anti, mng'ono wawo wa amayi anga, amene ankagwira ntchito ya unesi kuchipatala cha Walsgrave. Ponyamuka kumudzi amayi anandilangiza kuti ndisakakhale mtolo kwa Anti, komanso ndisamakatsutse akuluakulu. Malangizowo ndinawasunga bwino kwambiri, ndipo ndi omwe anandipweteka.

Pa holide ya kumapeto kwa Meyi, amayi a kutchalitchi kwathu ku Birmingham anakonza ulendo wa masiku atatu wokaona mzinda wa kunyanjawo. Tinanyamuka Loweruka m'mawa pa basi. Titaima panjira, Anti anandifunsa, "Udya chiyani?"

Kwathu mlendo safunsidwa funso limenelo. Amangomuikira mbale, iye n'kuchita manyazi pang'ono, kenako n'kudya. Ndiye ndinayankha mwaulemu, "Ayi Anti, ndili bwinobwino."

"Chabwino," anatero, n'kugula sangweji imodzi. (Imodzi yokha. Ndinaiperekeza ndi maso mpaka inatha.)

Madzulo, titazungulira kudoko mvula ikutiwaza, tinalowa m'lesitilanti. Anti anafunsanso. Ndinakananso, ndikuganiza kuti ulendo uno andikakamiza ndithu. Koma Mayi Gondwe, mtsogoleri wa gululo, anandisuzumira pamwamba pa magalasi awo.

"Mwanawe, kodi ukusala kudya?"

Munthu wamkulu wafunsa, anthu khumi ndi awiri akukuyang'ana. Mukanakhala inu mukanatani?

"Eee, mayi."

"Mpaka Lolemba madzulo?"

"Eee, mayi."

"Mwaona atsikana inu? Mwana woleredwa bwino ndi ameneyu."

Lamlungu linali tsiku lalitali kuposa onse m'moyo wanga. Tinaona tchalitchi chachikulu choti khosi limawawa poyang'ana denga. Tinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, koma chimene ndikukumbukira ndi fungo la makeke lochokera pakhomo lina. Amayi aja ankabisa mabisiketi awo ndikayandikira, poopa kundiyesa. Anti, amene chifikireni sindinawaonepo akusangalala chifukwa cha mashifiti a kuchipatala, ankauza aliyense kuti, "Ameneyu ndi mwana wa achemwali anga." Mawu amenewo anandimanga kuposa njala. Ndikanawachotsa bwanji chimwemwecho?

Masana tinakwera chombo chowolotsa anthu. Madzi anali ofiirira, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Chizungulire chinandigwira, ndinatsamira chitsulo n'kutseka maso, ndikulakalaka chinangwa chophika cha amayi.

"Musamusokoneze, akupemphera," ananong'ona wina.

Mayi Gondwe anandiyandikira mwakachetechete. "Mwanawe, undikumbukireko pa nkhani ya viza yanga. Mapepala anakhalitsa."

Ndinavomera ndi mutu. (Ndinapempheradi, ndisaname, koma ndinayamba ndi nkhani yanga.)

Lolemba masana ndinagonja. Gulu litalowa m'sitolo kukagula timphatso, ndinati ndikupita kuchimbudzi. Ndinathamangira pakashopu kena, n'kugula tchipisi, n'kukabisala kuseri kwa khoma la njerwa pafupi ndi madzi. Ndinali nditangodzaza m'kamwa kamodzi pamene chinthu chinandimenya m'mutu. Inali imodzi mwa mbalame zoyera za kunyanja zija, yaikulu ngati tambala. Inatsomphola pepala lonse, zinzake n'kutera ngati zaitanidwa.

"Mayo ine! Ndafa!"

Mu Liverpool monse munalibe wina amene akanakuwa m'Chichewa. Amayi aja anatuluka m'sitolo akuthamanga. Anandipeza nditagwada pansi ponyowa, ndikulimbirana tchipisi ndi mbalame, masaya ali tutumu, sosi ali kuchibwano.

Mayi Gondwe anayang'ana wotchi yawo. "Maola anayi okha anatsala, mwanawe. Anayi! Nanga viza yanga?"

Anti sanaseke. "Unayamba liti kusala kudya iwe?"

"Sindimasala, Anti."

"Nanga?"

"Ndimadikira kuti mundikakamize."

Pobwerera Anti anandigulira nkhuku ndi mpunga osandifunsa. Ndinadya ndikuyang'ana pawindo, kumbuyo kwa basi kukumveka kuseka kobisa. Tinali titayandikira Birmingham. Nditawacheukira Anti ndinaona akupukuta m'maso.

"Ine nesi," anatero motsitsa mawu. "Tsiku ndi tsiku ndimadyetsa makolo a eni ndi supuni. Wanga wakhala ndi njala masiku atatu pambali panga, ine n'kumamuombera m'manja. Ndikawauza chiyani amayi ako?"

Ndinkaopa kukhala mtolo, koma ndinawasenzetsa woposa mbale ya chakudya.

Kuchokera tsiku limenelo ndinalonjeza mumtima kuti ndikafunsidwa ndiziyankha zoona, ngakhale wofunsayo akhale wamkulu chotani.

Patapita milungu itatu, Mayi Gondwe anandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi, nkhope ili mwee. Viza inali itatuluka.

"Ngakhale unadya, zinagwira ntchito," anatero. "Tsopano mwana wanga ali ndi mayeso oyendetsa galimoto Lachinayi. Ungandisalireko tsiku limodzi lokha?"

Anti anali pomwepo, akundiyang'anitsitsa.

"Eee, mayi," ndinatero.