Oyilo wa Njinga mu Galimoto ya Alamu

Lolemba

Kiyi ali m'thumba mwanga!

Alamu Bernardo, achimwene a mkazi wanga, akwera ndege kupita ku Maputo kukagula diresi la mwana wawo Celestina, amene akukwatiwa Loweruka lino. Galimoto yawo yatsopano, yoyera mbee, ya dizilo, ya bodi kumbuyo, aisiya m'manja mwanga. Osati kwa dalaivala wa kuntchito kwawo. Kwa ine.

Ntchito zanga:
- kukatenga mbatatesi ku Chimbonila
- kututa nkhuni zophikira
- Loweruka kunyamula akwati kuchokera kutchalitchi mpaka kunyumba kwa alamu ku Sanjala

Mawu awo pabwalo la ndege: "Alamu, imeneyi imamwa dizilo basi. Musaipatse china."

Ndavomera ndi mutu. Koma pobwerera kuno ku Namacula khutu langa likumva injini ikulira kuti ke-ke-ke. Yauma kukhosi imeneyi. Ine injini ndimazidziwa. Njinga yanga yamoto ndi ya doizi tempo, ija timasakaniza oyilo m'mafuta momwemo, ndipo yandinyamula kuyambira Celestina ali kumsana. Sinadwalepo, kupatula masiku amene yadwala.

Aneba, bambo Amade ocheka matabwa, akugwirizana nane. "Walahi, dizilo wa masiku ano ndi wouma ngati gaga. Thiranimo oyilo wa njingayo, muona."

Ndathiramo kachivindikiro kamodzi. Mphatso yanga kwa alamu.

Lachiwiri

Zatheka! Injini ikung'ung'udza ngati mphaka wokhuta.

Mayi a Rosa akuti: "Yasiya kulira chifukwa mwatseka mawindo." Mkazi wanga ndi munthu wabwino, koma za injini ayi.

Ndawonjezera theka la botolo, kenako ulendo wa ku Chimbonila. Zimene ndapitirira pamsewu:
- thalakitala
- shapa, minibasi yodzaza anthu (inali itaima, koma ndaipitirirabe)
- munthu wa makala panjinga yakapalasa
- maliro, mwaulemu, chipewa ndavula

Alimi andipakirira matumba a mbatatesi akundiitana kuti "patarau", ndiye kuti bwana. Sindinawakonze. Pobwerera chigongono chili pawindo, mphepo ya m'mapaini ikundiluma, koma chigongono sichibwerera m'kati. Anthu aone.

Lachitatu

Mbiri yafala m'bairo monse, dera lathu lonse la Namacula. M'mawa amuna azungulira galimoto, manja m'majekete chifukwa cha chisanu, ine ndikuphunzitsa. Dizilo ndi ufa, oyilo ndi ndiwo. Onse akugwedeza mutu. Wina akufunsa ngati angathire m'chigayo chake. Ndamuuza kuti abwere Lolemba, sabata ino ndatanganidwa.

Nzeru yanga ya lero: ngati theka la botolo lachita zotere, nanga botolo lonse? Bambo Amade abwera ndi chigubu cha oyilo wa makina awo ochekera. Tathira mowolowa manja.

Tsiku lonse timaulendo tatifupi: nkhuni, miphika ikuluikulu, azimayi a kwaya, nkhuni zinanso. Kumbuyo kukutuluka kautsi kobiriwira, konunkhira ngati njinga yanga. Fungo la kwathu!

Phindu lina: pabwalo palibe udzudzu ngakhale mmodzi.

Mayi a Rosa: "Udzudzu wanji m'chisanu chino?"

Nsanje.

Lachinayi

Kagetsi kachikasu kayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Kachithunzi kake ngati kabokosi ka timadontho kakufuka utsi. Sindikudandaula. Galimoto zamakonozi zimayankhula, ndipo mwina imeneyi ikuthokoza.

Masana kayaka kachiwiri.

Ndamatapo riboni ya ukwati. Zakongola kwambiri.

Zovala zimene mayi a Rosa anayanika zikununkha galaja, kuphatikizapo nsalu yawo ya Loweruka. Achapanso. Kuchapa kwake komenyetsa pamwala, mudzi wonse ukumva.

Alamu aimba foni. "Ili bwanji?"

"Simudzaizindikira," ndawayankha. Sindinaname.

Kubomba, kogulitsira mafuta, ndadzaza dizilo woyera kuti asungunule zam'katimo. Kenako ndaganiza kuti dizilo watsopanoyo ndi wouma, ndiye ndamuthirira pang'ono. Pang'ono chabe.

Lachisanu

Epa!

Galimoto ikukana kuthamanga. Ndikuponda mpaka phazi kugunda pansi, iyo ikungoyenda ngati nkhalamba yopita kuchipatala. Pachitunda cha kumsika wandipitirira munthu wa makala panjinga yakapalasa. Ndikukhulupirira kuti si yemwe uja. Wandiimbira belu.

Kwa makaniko: apita kumzikiti kukapemphera Ijumaa. Ndadikira pamthunzi. Atabwerako alumikiza kakompyuta pansi pa chiwongolero, akuwerenga, akundiyang'ana, akuwerenganso. Akuti mupaipi ya utsi muli sefa yogwira mwaye, ndipo yatsekeka. Galimoto ikatero imadzichepetsera mphamvu yokha kuti isafe.

"Mwathiramo chiyani, bambo?"

Ndati dizilo. Ndi zoonanso zimenezo.

"Ntchito yake ndi ya Lolemba. Mawa musaiyendetse."

Mawa musaiyendetse! Mawa ndi ukwati!

Bambo Amade apita kunkhalango kukacheka, akuti abwerako mwezi wamawa. Dzulo sanatchule za ulendo.

Alamu atera madzulo, awatenga ndi galimoto ina. Ali pakati pa masuti ndi alendo, sanafunse kiyi. Atsikana akongoletsa galimoto yonse ndi maluwa ndi zibaluni. Ikaima ilibe mlandu, ndi mfumukazi.

Celestina, amene amanditcha Tiyu poti ndine mwamuna wa azakhali ake, wandigwira dzanja. "Tiyu, ndikudalira inu. Amayi akanakhalapo akanasankhanso inu."

Mayi ake anatisiya chaka chatha.

Loweruka

Ndilembe zonse ndisanaiwale, chifukwa tsiku ngati ili silibwera kawiri!

Yalira. Kutchalitchi tafika, poti njira yake ndi yotsetsereka. Malumbiro atha, akwati akhala pampando wakumbuyo, mdipiti wa galimoto wandandalika pambuyo panga. Ndikuponda. Tikukwawa.

Mahutala ayamba. Mkwati wawerama n'kundinong'oneza: "Tiyu, mwachotsa buleki ya dzanja?" Ine maso kutsogolo, msana chilili, thukuta likutsikira m'kolala ngakhale kukuzizira. Ndikupemphera kwa oyera onse amene ndikuwakumbukira maina.

Ndiye azimayi a kwaya atopa kukhala mulole imene yawanyamula. Atsika mmodzimmodzi, atipitirira wapansi, ayamba kuvina kutsogolo kwa galimoto. Liwiro lathu ndi la mapazi awo ndendende! Ang'oma atsikanso. Ana akutuluka m'mipanda, a njinga zamoto akutiperekeza, ometa asiya makasitomala mutu theka. Wojambula akuyenda chafutambuyo osathamanga n'komwe, akukuwa kuti kautsiko kakukongoletsa zithunzi.

Tafika pamsika, pamene mayi a Celestina ankagulitsa nyemba. Anzawo a pabenchi atiwona. Tikanadutsa ngati mphepo akanangoona fumbi. Koma ife tikukwawa. Asiya malonda, avula nsalu zawo zapamwamba, akuyala pamsewu kuti matayala apondepo, akutola za kumbuyo n'kuthamangira nazo kutsogolo. Mayi wina wachikulire wafika pawindo, wagwira Celestina kumaso ndi manja awiri, akumuitana dzina la mayi ake. Celestina akulira, akuseka, ufa wa kumaso wonse wapita. Alamu atsika m'galimoto imene anakwera, akuyenda pambali pa mwana wawo, dzanja lili padenga, misozi mbwee. Mwina wina ndi utsi. Koma wambiri si utsi.

Inenso ndapukuta m'maso ndi riboni, kenako ndaibwezera msanga pamalo pake.

Pafupi ndi geti la ku Sanjala galimoto yatsokomola, yazima. Zii. Ndisanatsegule pakamwa, anyamata a kuchimuna aganiza kuti ndi mwambo wa kwathu, kuti akwati salowa ndi injini. Aikankha akuimba mpaka pakhonde!

Pa zoyankhula alamu aimirira ndi chikho. "Ena akanathamanga. Alamu angawa anadziwa kuti mwana wanga ayenera kutsanzikana ndi anthu a mayi ake. Nzeru zotere sitiphunzira kusukulu."

M'manja! Nthungululu! Andipatsa ntchafu ya nkhuku, ina andiwonjezera. Mabanja angapo andipempha kale kuti ndidzayendetse maukwati awo "mwa kachitidwe komweka". Mayi a Rosa andiyang'ana nthawi yaitali, kenako andichotsa mpunga pandevu. Ndavina mpaka bondo lakumanzere landikumbutsa zaka zanga.

Ngwazi ya Namacula ndi Sanjala yomwe. Ine!

Lamulungu

Siikulira.

Alamu aitana makaniko yemwe uja. Wandipatsa moni ngati sitinaonanepo, Mulungu amudalitse. Wagona pansi pa galimoto, watsegula, dizilo akutsikira m'beseni lochapira mbale za ukwati. Wobiriwira. Fungo la njinga yanga ladzaza bwalo lonse, ndipo aliyense pano njinga yanga amaidziwa.

Azakhali ena asiya kutsuka mphika.

Sefa akaichotsa mawa, thanki akaitsuka. Galimoto ikhala kugalaja sabata yonse, alamu azipita kuntchito pa shapa. Kiyi ndapereka ndekha asanandifunse, ndi manja awiri.

Alamu ayang'ana beseni, ayang'ana ine. Pakhonde Celestina akuonetsa alendo zithunzi za pamsika pafoni, akubwereza chomwe chija cha mayi wachikulire. Alamu ayang'ananso kumeneko nthawi yaitali. Apuma mozama.

"Alamu, zimene ndinanena dzulo sindibweza. Koma mng'ono wake wa Celestina akamadzakwatiwa, inu mudzayang'anira mipando."

Ndavomera. Mipando ilibe thanki.