Maliro a Timu Imene Sinatuluke

Linali Lachiwiri, nthawi itangodutsa 5 koloko madzulo, pamene ndinadzivula ndekha ulemu umene ndinausunga zaka zonse zimene ndakhala ku Chilomoni. Mpaka lero ndikamapita kumsika ndimayenda maso ali pansi ngati ndataya singano. Nkhaniyi anthu akuifotokoza kale mothira mchere, ndiye ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Ine mpira sindinkaudziwa. Amene ankaudziwa ndi malemu amuna anga, bambo a Lusiya, kalipentala wa kwawo ku Chikwawa. Timu ya dziko lathu ikamasewera ankaika sowo pansi, n'kukhala pakhonde ndi kawailesi kawo, ine ndili pambali kusankha nyemba. Apo ndi pamene ndinatolako pang'ono: kuti matimu amawaika anayi anayi m'magulu, kuti wopambana amatenga mapointi atatu, akalepherana aliyense amatenga imodzi, wogonja amabwerera chimanjamanja. Panalinso mawu amene ankawabwereza ngati pemphero: “Mayi a Lusiya, pagulu amadutsa ndi awiri oyamba basi. Wachitatu ndi wachinayi amakalongedza zikwama.” (Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma izi ndinaziloweza kuposa katekisimu.) Ankakonda kunena kuti sadzafa asanaone timu yathu itadutsa pagulu. Anamwalira asanaione.

Ndikadali m'zovala zakuda, timu inapita kumpikisano wa mayiko. Magemu awiri oyamba sindinamvere, ndinangomva pamsika kuti tagonja kamodzi, tapambana kamodzi. Yomaliza ya pagulu ndinati ndiwamverere bambo a Lusiya. Ndinapukuta wailesi ija, kuikamo mabatire atsopano, n'kukhala pambali pa mpando wawo.

Gemu inatha popanda wochinya mnzake. Wowulutsa mpira anakuwa mpaka mawu kusasa, kuti timu yathu yathera pa nambala yachitatu pagulu. Sindinadikire kuti apitirize. Ndinazimitsa wailesi, chifukwa zotsalazo ndinkazidziwa kale: wachitatu amakalongedza zikwama.

Tsopano apa mundimvetse. Pamaliro a amuna anga sindinalire kwenikweni. Panali alendo oti ndiwaone, ana oti ndiwagwire, ndipo anthu anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Koma tsiku limeneli, nditayang'ana mpando wopanda munthu, n'kuganiza kuti ngakhale ine ndalephera kuwaonera chimene ankachidikira, china chake chinamasuka pachifuwa. Ndinalira. Osati kulira kwa misozi chabe, koma kuja kwa manja kumutu, kotchula dzina. “Bambo a Lusiya inu, mayo ine!”

Woyamba kufika anali mayi a Tadala, oyandikana nawo nyumba, manja ali thovu la sopo. Kwathu kuno munthu akamalira motero sumufunsa mafunso. Umayamba walira naye, zofunsa zimabwera pambuyo. Komanso iwo ankadziwa kuti apongozi anga akudwala kumudzi, pakuti ndine ndemwe ndinapempha kumphakati Lamulungu lapitalo kuti tiwapempherere. Anandikumbatira, n'kunena kuti agogo apumula, ndilimbe mtima.

Umenewo unali mpata wanga woyamba. Ndikanangoti ayi, ndi mpira, nkhani ikanathera pakhonde pomwepo, anthu awiri. Koma kulira kwa mtundu umenewo kulibe mabuleki. Ndinapukusa mutu kuti ndikane, iwo anaona ngati chisoni chandikulira, n'kukweza mawu kuposa ine.

Sipanapite nthawi, amayi anayamba kulowa pageti mmodzimmodzi, aliyense akumanga chitenje bwino n'kuyamba kulira asanakhale pansi. Anandilowetsa m'nyumba, kundikhazika pamphasa. Abambo anatulutsa mipando, tebulo, ngakhale kabati yolemera imene amuna anga anakhoma okha, kuti okhuza maliro apeze malo. Wina anakwera mumtengo wa mango, kuthyola nthambi, n'kukaziika pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba. Amayi a kumphakati anayambitsa nyimbo. (Anaimba bwino kwambiri, chimenecho sindingawanamizire.)

Pamenepo n'kuti misozi yanga itauma kalekale. Ndinadzifunditsa chitenje kumutu, osati chifukwa cha chisoni, koma kuti asaone nkhope yanga. Ndinkangowerenga mapazi olowa pakhomo. Munthu aliyense wowonjezereka ankalemeretsa mawu amene ndinkayenera kunena. Ndinafika poganiza zotulukira pawindo la kuchipinda n'kukakwera minibasi ya kulikonse.

Ndili mkati moganiza choncho ndinamva phokoso kuchokera cha kumsika: malipenga apulasitiki aja, mahutala a galimoto, anthu akuimba. Mumtima ndinati anthu a masiku ano alibe manyazi, timu yatuluka iwo akuvina. Phokoso lija linatsika ndi msewu wathu, likukulirakulira, kenaka litafika pamasamba paja linangoti zii. Ndinasuzumira pakabowo ka chitenje. Chikhamu chonse chinkadutsa mwakachetechete, a kabaza atatsika akukankha njinga zawo, mbendera zitapindidwa. Bambo wina wodzipaka utoto kumaso anavula chipewa, kufika pakhomo, kugwada, n'kunena kuti pepani zakugwerani. Ine ndinayankha kuti zikomo. (Mulungu andikhululukire, ndinayankhadi choncho.)

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mayi a Tadala anali ataimbira kale foni alamu anga a Zuze, mng'ono wa malemu, amene amakhala ku Chemusa. Anafika panjinga yamoto, atavala malaya a timu, maso ali psuu. Anadutsa pakati pa amayi, n'kudzagwada pafupi nane.

“Alamu, amayi atisiya nthawi yanji? Nanga bwanji akumudzi aimbira inu osandiimbira ine?”

Ndinakokera chitenje kumaso. A Zuze anatulutsa foni kuti afunse achemwali awo kumudzi, n'kuiika poti aliyense azimva. Inaitana kawiri. Amene anayankha sanali achemwali awo ayi. Anali apongozi anga eni ake, mawu ali gwa, kufunsa ngati Zuze wamva kuti anyamata adutsa. A Zuze anagwetsa foni pamphasa. Nyimbo inadukira pakati. Mayi wina kumbuyo anachita chizindikiro cha mtanda.

A Zuze atatola foni n'kufotokoza mwachibwibwi kuti kuno anthu asonkhana pamaliro awo, apongozi anati, “Muwauze amene andiphawo kuti ine ndikumwa phala.”

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinachotsa chitenje kumutu, n'kuyang'ana pansi.

“Sindimalira apongozi. Ndimalira mpira. Timu yatuluka.”

Sindinamvepo chete wotero, ngakhale kumanda. A Zuze anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene sakudziwa kuti akalipe kapena aseke. Anandifunsa kuti wandiuza ndani kuti yatuluka. Ndinati wailesi yanena kuti tathera pachitatu, ndipo achimwene awo ankati wachitatu amakalongedza zikwama.

“Alamu, achimwene anakuphunzitsani zoona, koma za kale. Tiyeni panja.”

Anathyola kamtengo ku nthambi zomwe zija za pamsewu, n'kuyamba kujambula pansi pabwalo, okhuza maliro atazungulira. Anajambula mabokosi asanu ndi limodzi, nati awa ndi magulu. Anati awiri oyamba a gulu lililonse akadutsa amakwana 12, koma ndime yotsatira imafuna matimu 16, ndiye anayi otsalawo amawatenga mwa amene athera pachitatu. Achitatu onse amawandandalika pamzere wawo, n'kuona mapointi. Mapointi akafanana amaona zigoli, zimene wachinya kuchotsapo zimene wachinyidwa. Ife tinali ndi atatu a gemu imene tinapambana ndi imodzi ya tsiku limenelo, ndipo malinga ndi mmene magulu ena anathera, panalibe zoti tingatsale. Anati wowulutsa uja amakuwa ndi chimwemwe, ndipo ndikanadikira pang'ono pokha ndikanamva zonsezi ndekha.

Abambo ena anayamba kutsutsana za zigoli pomwepo, kuiwala kuti anabwerera maliro. Wina anaseka, kuseka kuja n'kufalikira mpaka kumsewu. Koma si onse anaseka. Mayi wina amene anasiya mandasi pamoto anadzuka, kukutumula chitenje, n'kutuluka osatsanzika. Chikhamu chovina chija chinali chitabalalika kale, aliyense kwawo. Tsiku limene Chilomoni yonse inkasangalala, msewu wathu wokha unali pamaliro, chifukwa cha ine. Abambo analowetsanso kabati ija akubuula, ndipo nthambi za pamsewu ndinakachotsa ndekha, palibe amene anandithandiza.

M'mawa mwake ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa. Chimene chinkandiopsa kwambiri si kusekedwa ayi. Anthu amenewa ndi omwe anandinyamula pamene amuna anga anamwalira, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina ndikadzalira zenizeni, adzangoti ndi mpira uja, n'kupitiriza kuchapa. Ndinawauza zimenezi mayi a Tadala. Anayamba aseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anati iwo anamva dzina limene ndinkatchula, ndipo si la wosewera mpira. Anati ndikadzaliranso adzabwera ndithu, koma ulendo uno adzayamba afunsa kuti zigoli zili bwanji.

Kovuta kunali ku Chikwawa. Ndinadikira masabata atatu ndisanalimbe mtima. Ndinapita ndi shuga ndi sopo, ndinagwada patali, mawu onse amene ndinakonza m'basi atathawa. Apongozi anandisiya ndigwade mpaka maondo kuwawa. Kenaka anati, “Mwana wanga, ndamva kuti kulira munalira bwino, ndipo anthu anabwera ambiri. Tsiku lenileni musadzachepetse.”

Ndinangoti chabwino amayi.

Masiku ano timu ya dziko ikamasewera sindikhala ndekha pakhonde. Ndimanyamula wailesi kupita kwa mayi a Tadala, ndipo sitiizimitsa mpaka wowulutsa atamaliza kulankhula.